Munthu Wina wa pa Yadi

1. Katundu wa kumudzi

Ku Ga-Rankuwa, kufupi ndi mzinda wa Pretoria, kuseri kwa nyumba ya njerwa ya Mma Dikeledi, kunali zipinda za malata zoyang'anizana ndi mpope umodzi. Chipinda cha kumapeto ankakhalamo Limbani ndi amayi ake, a Theresa. Choyandikana nacho chinali cha malume ake, a Pearson, amene ankasamalira maluwa ndi kapinga ku nyumba ina ya ku Waterkloof.

Limbani anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ku Joni anabwera mano a mkaka asanathe kuguluka, choncho Chitswana ankachiyankhula ngati anachita kuyamwira. Kusukulu ankamudziwa kuti ndi Lee. Munthu akamufunsa kwawo, iye ankangoloza kumpoto n'kunena kuti ku Limpopo, chigawo cha m'dziko lomwelo. Dzina la Dedza ankalitchula m'nyumba mokha, chitseko chili chotseka.

Lamlungu lina pochokera ku tchalitchi anapeza a Pearson atayala katundu pabedi. Galimoto yonyamula katundu wopita ku Malawi inali kunyamuka mkati mwa sabata. Aliyense amene anakhalako ku Joni amadziwa mmene katundu wa kumudzi amamangidwira. Amayamba wakulungidwa m'mabulangete kuti asasweke, kenako amalowa m'pulasitiki wakuda chifukwa cha mvula ndi fumbi la m'njira. Pomaliza amamangidwa ndi tepi mozunguliza mpaka thumba kuuma gwa.

Pakati pa nsapato, sopo ndi mafuta ophikira panali malaputopu atatu.

"Malume, awa mwawatenga kuti?" anafunsa Limbani, maso ali tong'o.

"Abwana akukonza ofesi yawo," anayankha a Pearson. "Anati ndikawataye ku mgolo wa zinyalala. Ine ndinati, bwana, mgolo wake ndi ine amene."

"Amayaka?"

"Awiri ali chigonere, imodzi imangophethira. Koma pa msika wa ku Dedza pali mnyamata wina amene amadzutsa ngakhale wailesi yomira m'madzi. Akangokonza imodzi yokha, ana anga kompyuta ayidziwe ndi manja. Atopa nayo ya pa bolodi imene aphunzitsi amajambula ndi choko."

Limbani anatulutsa foni m'thumba kuti ajambule. A Pearson anasiya zimene ankachita n'kumuyang'ana.

"Bweza kafoni kako, mphwanga," anatero. "Ine sukulu ndinalekera panjira, koma za kuno ndaziona ndi maso angawa. Chithunzi sichili ngati mawu. Ukayankhula, wina n'kumva molakwa, umamuitana n'kumufotokozera. Chithunzi chimapita chokha, iwe n'kutsala. Chikafika kwa munthu amene sakukudziwa, amachipatsa nkhani yake yake, ndipo sabwera kudzakufunsa. Ife kuno tili pa malo a eni. Mwini dziko akagula wailesi amaiika pawindo kuti msewu wonse umve. Ife tikagula timaifunditsa nsalu. Si mantha ayi, ndi kudziwa pamene wakhala. Foni imeneyo amayi ako anakugulira kuti uzifufuzira za kusukulu. Fufuza za kusukuluzo. Za m'nyumba muno zisiye m'nyumba muno."

"Ndamva, malume."

Kumva anamvadi, koma panali chinthu china chimene chinkamuwawa. M'kalasi mwawo munali mnyamata wina wamtali dzina lake Sipho, amene ankakonda kumuseka. Limbani ankatsalira kusukulu madzulo kuti amalize ntchito yake pa kompyuta, ndiye Sipho ankauza kalasi yonse kuti kwawo kwa Lee chinthu cha magetsi ndi ketulo basi.

A Pearson atawerama kuti adule tepi ndi mano, Limbani anabwerera pa chitseko n'kujambula. Chithunzicho chinatenga malaputopu atatu aja, matumba akuda awiri omangidwa kale, ndi nkhope ya malume ake cha m'mbali.

Anachiika pa sitetasi ya WhatsApp, pamene aliyense amene ali ndi nambala yako amaona. Pansi pake analemba mu Chitswana kuti: Amene ankati kwathu kulibe kanthu awerenge yekha.

2. Chipinda chopanda kanthu

Lolemba m'mawa Limbani anapeza ana asukulu ataunjikana pa khonde la chipinda cha makompyuta. Zitsulo za pa chitseko zinali zitadulidwa. M'katimo munangotsala matebulo ndi nthambo zolendewera m'khoma.

Chipinda chimenechi makolo anachidikira zaka zambiri. Tsiku lotsegulira kunali kuvina mpaka fumbi koboo. Ana amene kwawo kunalibe ngakhale tebulo lolembera anaphunzira mmenemo kutaipa, kujambula mapu ndi kufufuza za sayansi. Ntchito yonse ya chaka ya Giredi 10, imene inkawerengedwa pa mayeso omaliza, inali m'makompyuta amene anabedwawo.

Atsikana ena ankalira. Sipho anamenya khoma ndi chibakera mpaka zala kutuluka magazi. Iyeyo ntchito yake ya milatho anaivutikira kuyambira chaka chitangoyamba, ndipo ndi imene ankadalira kuti akhoze.

Mphunzitsi wa makompyuta, mayi wa imvi za m'mbali, anaima pa sitepe n'kukweza dzanja.

"Ana anga, mtima ukundiwawa kuposa inu," anatero. "Koma mverani. Apolisi tawaitana, ndipo ntchito yofufuza ndi yawo. Lero m'mafoni mwanumo mulowa zambiri. Wina anena kuti waona galimoto, wina atchula dzina la munthu amene anayambana naye chaka chatha. Ndinakuphunzitsani m'chipinda chomwechi kuti chinthu ukachiona pa sikirini uyambe wafunsa kuti chachokera kwa yani, ndipo wachitumiza akufuna chiyani. Musatumize chinthu chimene simungathe kuchiyankhira pamaso pa mayi wa munthuyo. Chala chanu chimathamanga kuposa mutu wanu, chigwireni."

Limbani anaganiza za chithunzi chija. Anazemba n'kulowa m'chimbudzi, n'kufufuta sitetasi ija. Atatuluka anapumira m'mwamba poganiza kuti yatha.

3. Funso la Sipho

Pa nthawi yopuma, Sipho ndi anyamata ena anayi anamutsekereza kuseri kwa kalasi. Sipho anamuika foni pamphuno. Chithunzi chija chinali pomwepo, chifukwa iye anachisunga dzulo lomwelo asanagone.

"Wafufutiranji, Lee?"

"Chinangonditopetsa."

Khofi linamupeza pa tsaya. Wina anamugwira kolala n'kumugunditsa kukhoma.

"Dzulo ukutionetsa malaputopu, lero sukulu yathyoledwa," anatero Sipho. "Ndipo taona matumba akudawa. Munthu amamanga chonchi katundu amene wagula ndi ndalama zake? Tiuze, ndi a ndani?"

"Eish, Sipho, si anga. Ndi a munthu ali apoyo."

"Ndi ndani wako ameneyu?"

Chapatali pang'ono panaima Rumbidzai, mtsikana wa m'kalasi mwawo wobadwira ku Zimbabwe, amene agogo ake anachokera ku Mulanje. Iyeyo sankabisa kwawo, ndipo mayina onse oipa amene alendo amapatsidwa pa sukulupo anali atamugwera kale. Lamlungu lililonse ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi banja la Limbani.

Limbani anayang'ana pansi.

"Palibe," anatero. "Ndi munthu wina wa pa yadi. Mmalawi. Ndinangojambula kuti ndikupsetse mtima."

"Amagwira kuti ntchito?"

"Sindidziwa. Zinthu amangobwera nazo m'matumba."

Dzanja lija linamusiya kolala. Sipho anamusisita paphewa ngati m'bale wake.

"Ukanangonena poyamba pomwe, mfana. Amenewa ndi mmene alili. Amadya nafe masana, usiku n'kumatiba."

Ali chiimire pomwepo, Sipho anazunguliza mutu wa a Pearson pa chithunzi chija ndi mzere wofiira. Analemba kuti wakuba makompyuta a ana athu ndi uyu, ali kuseri kwa Mma Dikeledi, ndipo wamanga kale kuti awolotse malire. Anatumiza ku gulu la kalasi, ku gulu la makolo, ndi ku gulu la anthu olondera m'misewu. Kenako anapisa m'thumba la Limbani n'kutenga foni yake.

"Iyi ikhale kaye kwa ine, ungamuchenjeze mnzako wa pa yadiyo."

Anyamatawo atachoka, Rumbidzai anayandikira. Anayankhula m'Chichewa, chinthu chimene awiriwa anali asanachitepo pa sukulu.

"Munthu wina wa pa yadi, eti? Amene amakumeta tsitsi pa mpope Loweruka lililonse uja?"

"Akanandipha, Rumbi."

"Ndiye wasankha kuti aphe iwo. Lero ali kuti?"

Apa m'pamene Limbani anakumbukira. Lolemba a Pearson sankapita ku Waterkloof. Linali tsiku lawo lopuma, ndipo anali kunyumba okha kumalizitsa kumanga katundu.

Rumbidzai anamupatsa foni yake. "Aimbire athawe."

Limbani anaigwira n'kungoiyang'ana. Nambala ya malume ake sankaidziwa pamtima. Ya amayi akenso sankaidziwa. Zonse zinali m'foni imene inali m'thumba la Sipho.

Anataya chikwama pansi, n'kulumpha mpanda wa sukulu.

4. Pa yadi

Limbani ankathamanga, koma uthenga unali utafika kale kumene iye ankapita. M'misewu anthu ankatuluka m'mageti, aliyense maso ali pa foni. Abambo amene ankatchova juga pansi pa mtengo anasiya makadi. Amayi ena anatuluka ndi thovu la sopo m'manja. Kumbuyo kwake ana asukulu anali atakankha geti n'kukhamukira mumsewu ngati madzi.

Atakhota pa kona ya kwawo anamva likhweru ndi phokoso la malata.

Geti la Mma Dikeledi linali litagwa. Eni nyumbawo anali atapita ku kiliniki m'mawa, ndipo alendi ena anali atathawa kudzera kuseri. Chitseko cha a Pearson chinali pansi. Amuna awiri ankawakoka miyendo kuwatulutsa panja, tepi idakali yolendewera ku dzanja lawo.

Wina anang'amba thumba lakuda ndi mpeni. Sopo, nsapato za ana ndi madiresi zinamwazika m'fumbi. Botolo la mafuta linaphulika. Atang'amba lachiwiri anasolola laputopu m'bulangete n'kuikweza m'mwamba, ndipo khamu lonse linabangula.

"Si iyi? Anaikulunga ngati khanda."

"Bwana wanga anandipatsa," a Pearson ankatero m'Chizulu chawo chothyokathyoka. "Waterkloof. Muimbireni. Nambala ili m'foni mwanga."

Foni yawoyo wina anaiponda ndi jombo.

Mtsikana wina wa yunifolomu anayang'anitsitsa laputopuyo n'kunena kuti a kusukulu anali akuda, ndipo anali ndi dzina la sukulu pa chivundikiro. Bambo wa chipewa chofiira anamukankhira kumbali. Anati akuba amadziwa kufufuta zimenezo, iye asaphunzitse akuluakulu.

Chikwapu choyamba chinang'amba malaya. Chachiwiri chinang'amba khungu. A Pearson anayesa kudzuka, koma mpini wa fosholo yawo yomwe unawapeza m'nthiti, ndipo anagwa chafufumimba pafupi ndi mpope. Njerwa inawagwera paphewa, ina kumutu. Magazi anayenderera pa simenti n'kusakanikirana ndi mafuta ophikira aja.

Pamwamba pa mitu ya anthu panali mafoni okhaokha. Ana ndi akulu omwe ankakankhana kuti ajambule bwino. Mnyamata wina anakwera padenga la chimbudzi, n'kumafotokozera anthu amene ankaonera kutali ngati akuulutsa mpira.

Limbani anadzipanikiza mpaka anafika kutsogolo. A Pearson anatukula mutu, diso limodzi litatsekeka kale. Anamuona mphwawo ataima pakati pa ana a yunifolomu. Anamuyang'ana kamphindi, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma ngati sakumudziwa.

Kumsewu kunamveka mawu akuti patukani. Anyamata awiri ankagubuduza tayala la galimoto. Kumbuyo kwawo wina ankabwera ndi chigubu cha parafini.

Sipho anafika ali wefuwefu. Ataona Limbani anavula lamba wake n'kumuika m'manja.

"Ndi uyu watithandiza," anauza anthu. "Ndi Lee amene anamujambula. Mpatseni mpata naye alaweko. Menya, Lee. Ntchito yako nayonso yapita."

Anthu anafutukula bwalo. Mafoni onse analoza kwa iye. Tayala lija linagwa pansi pafupi ndi mapazi a a Pearson.

Limbani anauyang'ana lamba uja, n'kuusiya kuti ugwe. Anayenda n'kugwada m'magazi muja, n'kugona pamwamba pa malume ake, manja atafunditsa mutu wawo.

"Choka, mphwanga," ananong'ona a Pearson. "Sakukudziwa. Choka."

"Ndi malume anga," anatero Limbani m'Chichewa. Kenako anakweza mawu m'Chitswana kuti aliyense amve. "Ndi malume anga awa, mlongo wawo wa amayi anga. Ine si Lee wa ku Limpopo. Ndine Limbani, kwathu ndi ku Malawi. Malaputopuwa anawapatsa ku ntchito, ndipo ndi akufa. Ndinkadziwa, koma ndinanama."



"Ndiye kuti ndi awiri," anatero bambo wa chipewa chofiira uja. "Wamng'onoyu ndi amene ankawauza za m'kati mwa sukulu."

Chikwapu chinatsika pamsana pa Limbani ngati moto. Jombo inamupeza m'mimba. Mpini uja unagwera pa mkono wake wamanzere, ndipo iye anamva fupa likulira. Sanachoke. Analuma malaya a malume ake n'kutseka maso. Kenako anamva chinthu chozizira chikumuthira m'khosi, ndi fungo la parafini.

5. Mma Dikeledi

"Amene ali ndi machesiyo ayambe ndi ine."

Anali Mma Dikeledi. Anali atatsika takisi pa kona, mankhwala awo a shuga ali m'kapepala. Analowa pakati pa khamulo ndi ndodo yawo, akumenya akakolo a aliyense amene anachedwa kupatuka. Atafika anakhala pa tayala lija n'kuyala siketi yawo bwinobwino.

"Iwe wa chipewa, ndakudziwa," anatero. "Amayi ako tinawaika limodzi m'manda, ndipo ndine ndinasambitsa thupi lawo. Iwe uli ndi chigubuwe, unabadwira m'manja mwanga galimoto ya chipatala itachedwa. Nonsenu ndikukudziwani ndi mayina, ndipo apolisi akandifunsa sindiiwala ngakhale mmodzi.

"Ine moto uwu ndinauonapo ndili mtsikana, m'misewu yomwe ino. Nthawi imeneyo kunalibe mafoni. Munthu ankangoloza chala n'kunena kuti uyu ndi kazitape, ndipo pofika madzulo mayi wina ankatola mafupa a mwana wake. Patapita zaka tinkamva kuti sanali iye. Amene anayatsa aja ena alipo mpaka lero, amayenda akuyankhula okha. Ndinkati ana athu akaphunzira zimenezi zidzatha. Lero mwaphunzira, muli ndi makina m'manja oti akanakuuzani chilichonse cha pa dziko lapansi, koma mwawasandutsa chala chomwe chija.

"Bambo uyu wakhala kuseri kwanga zaka zonsezi. Amadzuka kudakali mdima kukakwera takisi, amabwera manja ali ming'alu. Masamba amene ena a inu mumadzandipempha anadzala ndi iyeyu. Ndani mwa inu wamuona pa sukulu usiku wathawu? Aime apa anene. Osati foni yako, iweyo ndi maso ako."

Mafoni anayamba kutsika imodziimodzi.

"Makompyuta a ana athu abedwa, inde, ndipo mdzukulu wanga naye akulira. Koma mukawotcha awiriwa, wakubayo agona tulo tabwino lero, chifukwa mukhala mutamumalizira mlandu wake."

Kutali kunamveka kulira kwa galimoto ya apolisi. Khamu lija linabalalika ngati silinakhalepo. Ena pothawa anatola sopo ndi nsapato. Chigubu chinatsala chitagwa cham'mbali, parafini akutayikira m'ngalande.

Sipho anatsala yekha pa geti logwa lija. Anayandikira, n'kuika foni ya Limbani pa simenti, n'kutola lamba wake.

"Ukanandiuza," anatero motsitsa mawu.

"Choka pakhomo panga," anatero Mma Dikeledi.

Limbani anadzigubuduza n'kuchoka pamwamba pa malume ake. Anawaitana kawiri. A Pearson sanayankhe. Mpweya unkatuluka mokoka, ndipo m'khutu mwawo munkatuluka magazi.

6. Pa benchi

Ku chipatala cha boma, a Pearson anawathamangitsira ku chipinda cha opaleshoni. Limbani naye anamwino anamusambitsa parafini uja, anamusoka pamsana, n'kumuika pulasitala pa mkono. Kenako anamuuza kuti akadikire pa benchi ya m'khonde.

Amayi ake anafika dzuwa litapendeka. Anachokera ku Pretoria North kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo epuloni inali idakali m'chiuno. Anamugwira nkhope ndi manja awiri, n'kumuyang'ana mkono, n'kumuyang'ana msana. Atatsimikiza kuti mwana wawo ali moyo, anakhala kumapeto kwa benchi, pakati pawo n'kutsala malo a munthu mmodzi.

"Ndaonera mu takisi," anatero. "Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandionetsa, akuti taonani agwira akuba ku Ga-Rankuwa. Ndinaona achimwene anga akukokedwa miyendo. Ndinaona iwe. Ndinakhala chete mpaka potsikira, kuopa kuti andimva kayankhulidwe."

Amayi akewo anapitiriza.

"Anandionetsanso chithunzi cha mzere wofiira chija. Amene anajambula anaima pa chitseko. Dzulo pa chitseko paja panaima munthu mmodzi yekha."

"Ndine, amayi. Ndipo atandifunsa kusukulu ndinati sindiwadziwa."

A Theresa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanamukalipire, sanamumenye. Anangomasula epuloni ija n'kuipinda pamiyendo.

"Bambo ako atatisiya, achimwene ndi amene anabwera kudzatitenga," anatero. "Pa malire unali ndi malungo. Anakubereka kumbuyo tsiku lonse pa mzere, anthu akuwaseka kuti mwamuna wabereka mwana. Kuti upeze malo pa sukulu ija anajomba ku ntchito mpaka kutsala pang'ono kuchotsedwa. Sindikunena izi kuti ulire. Wagona pamwamba pawo, ndaona, ndipo dziko lonse laona. Koma udziwe kuti zimene wachita masana sizifufuta zimene unachita m'mawa. Zonse ziwiri ndi zako, uzisenza limodzi."

Foni ya a Theresa inalira m'chikwama. Atayang'ana nambala, nkhope yawo inasintha. Anali a Pilira, akazi a a Pearson, kuimba kuchokera ku Dedza.

Anayankha. Ngakhale Limbani pamene anakhala ankamva kulira kwa anthu ambiri kumbuyo kwa mawuwo. A Theresa anamvetsera nthawi yaitali, akungoti ee, ee, mlamu. Kenako anatseka foniyo ndi chikhatho.

"Kanema uja wafika kumudzi," anatero. "Wadzera ku gulu la amayi a mvano. Wina walemba pamwamba pake kuti Mmalawi wawotchedwa ku Pretoria. Ana aonera pa foni ya aphunzitsi awo. Panopa anthu ayamba kutulutsa mipando m'nyumba."

"Auzeni kuti ali moyo."

"Iwe ukudziwa kuti ali moyo?"

Onse awiri anayang'ana chitseko cha opaleshoni. Chinali chikhalire chotseka.

"Akufuna amve kwa munthu amene analipo," anatero a Theresa. "Akufunsanso kuti anthuwo anawadziwa bwanji achimwene. Ine sindinaliko."

Anamuika foni m'dzanja lake labwino lija. Limbani anaifikitsa kukhutu.

"Azakhali," anatero.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Dokotala anatuluka akuvula kansalu ka pakamwa, n'kufunsa achibale a bambo wa ku Ga-Rankuwa uja. A Theresa anaimirira. Dokotalayo anawayang'ana, n'kuyang'ana mnyamata wa pulasitalayo.

"Mayi, tiyeni tikayankhulire m'kati," anatero. "Mwanayu atsale kaye."

Chitseko chinatsekekanso. Limbani anatsala yekha pa benchi, ndipo m'khutu mwake a Pilira ankaitanabe.

"Limbani, ukundimva? Anthu adzaza pakhomo pano. Ndiwauze chiyani?"